Mutu waching'alang'ala: anzanga mumatani ukakugwirani?

Nabanda_waKapata
Odi pagulu pano. Ndakhala miyezi ndikungowerenga za anzanga, lero ndilankhuleko. Ndili ndi zaka 34, ndimagulitsa salaula ku Kapata. Kuyambira ndili Grade 9 ndimadwala mutu waching'alang'ala. Usanayambe, ndimaona timizere tonyezimira tokhotakhota kumbali ya kumanzere, ngati mmene malata atsopano amathwanimira masana a Okutobala. Kasitomala akandipatsa K50 sindiona nambala, ndimangoona theka la ndalamayo. Pakapita mphindi ngati 20 timizere tija timachoka, mutu n'kufika. Mbali imodzi yokha, kuseri kwa diso, kugunda ngati wina akusinja mumtondo. Ndimasanza mpaka ndulu. Ndikafika kunyumba ndimagona pasimenti chifukwa pabedi pamatentha, chitenje chonyowa kumaso, ana ndawauza azimitse wailesi. Ngakhale supuni ikagwera m'mbale kukhitchini imandilasa m'mutu. Masiku awiri, nthawi zina atatu.

Chandilembetsa si ululuwo ayi, umenewo ndauzolowera. Loweruka lapitali kunali ukwati wa mlamu wanga, ine ndinalephera kudzuka kukaphika. Apongozi anauza anthu kuti "mkazi wa mwana wanga ali ndi mutu wosankha masiku." Bambo a kunyumba nawo akuti "mutu chabe, imwa panado udzuke." Panadoyo ndimamwa tsiku lililonse, awiri m'mawa awiri madzulo, brufen pamwamba. Ndipo masiku ano mutu sukuchokanso, ndimadzuka nawo. Alipo wina ali ndi vutoli? Mumatani?

Jere_Mchini
Pepani amai. Mwayezetsa malungo? Kuno kwathu mutu ukawawa choyamba ndi malungo.

Nabanda_waKapata
Ndayezetsa kosawerengeka achimwene, chala changa chatopa n'kubooledwa. Kamzere kamodzi nthawi zonse. Chaka chatha ndinamwa Coartem kawiri popanda malungo, kungoti mwina.

MaiTiko_Navutika
Asisi, mwalemba ngati mwandiona ine. Wanga umabwera ndi mwezi, tsiku limodzi kapena awiri ndisanayambe kusamba, osaphonya. Amai anga analinso nawo. Ankalowa m'nyumba n'kutseka chitseko, ife ana n'kudziwa kuti lero nsima tiphika tokha. Nthawi imeneyo ndinkayesa akwiya nafe. Ndinadzawamvetsa ndili ndi zaka 19 utandigwira ineyo, iwo atamwalira kale. Chodabwitsa, mimba zanga zonse zitatu mutu unkasowa kuyambira mwezi wachinayi mpaka kuchira. Amuna anga anafika ponena kuti mankhwala ako ndi mimba basi, ndinawaponyera chipande.

Za apongozi musazitengere kumtima. Bala la pamwendo anthu amaliona, amakupatsa ndi mpando womwe. Mutu alibe pouonera.

Ambuya_aChadiza
Ndikulembetsa mdzukulu wanga. Mwana wanga, kale mutu wotere tinkatema mphini m'mbali mwa maso kuti magazi oipa atuluke, n'kupakamo mankhwala akuda. Ena ankanunkhiza fodya wa m'mphuno kuti ayetsemule. Pita kumudzi akakuteme, mapilitsiwo angokuthera ndalama.

Zulu_Magazine
Ambuya, ndi ulemu wonse, ine mphini ndili nazo zisanu ndi imodzi mbali iyi, zisanu ndi imodzi mbali inayo. Ananditema ku Vubwi ndili ndi zaka 12, lumo limodzi ana atatu. Zipsera zilipo, mutu uliponso. Masiku ano ndikakumbukira lumo lija ndimangothokoza Mulungu kuti silinatipatse matenda ena.

Ambuya_aChadiza
Ndiye kuti anakutema wosadziwa.

Zulu_Magazine
Anali ambuya anga enieni, simungawanene choncho kkkk

NesiWopuma_Katete
Amai Nabanda, ndagwira unesi zaka 31 ndisanapume, ndiloleni nditalikitseko. Zomwe mwafotokozazo, timizere tonyezimira, kenako mutu wa mbali imodzi wogunda, kusanza, kudana ndi kuwala ndi phokoso, ndi ching'alang'ala chenicheni, chomwe madokotala amati migraine. Chikapanda kuthandizidwa chimatenga maola 4 mpaka 72. Chimagwira akazi kuposa amuna pafupifupi katatu, ndipo chimayenda pamtundu monga anenera a MaiTiko. Si ulesi, si malungo, ndi matenda a ubongo ndi minyewa yake.

Koma chandiimitsa ine ndi mawu anu omaliza. Mwati panado tsiku lililonse, ndipo mutu sukuchokanso. Pamenepo mitu ilipo iwiri tsopano. Woyamba ndi uja wa ku Grade 9. Wachiwiri wabwera ndi mapilitsiwo. Munthu wa ching'alang'ala akamamwa panado, brufen kapena aspirin masiku 15 kapena kuposa pamwezi, kwa miyezi yopitirira itatu, mankhwalawo amayamba kubala mutu wawowawo. Aja osakaniza, okhala ndi caffeine kapena codeine, masiku 10 okha pamwezi akwana. Mphamvu ya piritsi ikatha usiku, m'mawa mumadzuka ndi mutu, mumamwanso, mawa chimodzimodzi. Komanso brufen wa tsiku ndi tsiku amakanda m'mimba mpaka zilonda, amatopetsanso impso.

Funso limodzi, ngati simufuna kuyankha pagulu mundilembere pambali: mukumwa mapilitsi achilezi?

Jere_Mchini
A nesi, mankhwala a mutu abweretse mutu? Iyi ndiye sindinaimvepo. Mawa mutiuza kuti sopo amadetsa zovala.

NesiWopuma_Katete
Achimwene, imwani khofi wamphamvu m'mawa uliwonse chaka chonse, tsiku lina mudumphe, muone mutu wake pofika masana. Thupi likazolowera chinthu limachifunsa ndi ululu.

Dalaivala_GreatEast
Ine wanga ndi wosiyana ndi wa amaiwa koma ndinene, mwina wina ali nawo akungouyesa dzino monga ndinachitira ine. Ndimayendetsa thiraki, Chipata ku Lusaka, makilomita pafupifupi 570. Wanga sugoneka munthu pansi, umamudzutsa. Cha m'ma 01 hours usiku, diso lakumanja ngati wina walowetsamo msomali wochokera pamoto. Disolo limafiira, misozi kutsika mbali imodzi yokha, mphuno ya mbali yomweyo kutsekeka. Kugona sungathe. Usiku wina pa Luangwa Bridge ndinazungulira thiraki mwina maulendo 50, kenako ndinayamba kugunditsa mutu patayala. Amai ena ogulitsa nsomba anandibweretsera madzi, ena anathawa poyesa ndapenga. Pakatha mphindi 45 kapena ola limodzi, zii, ngati palibe chinachitika. Mawa lake nthawi yomweyo wabweranso. Milungu isanu ndi umodzi chonchi, kenako kusowa chaka chonse.

Ndinachotsetsa dzino labwinobwino chifukwa cha mutu umenewu. Ndinadzamva dzina lake ku UTH, chipatala chachikulu cha ku Lusaka, akuti cluster headache, umakonda amuna, ndipo kupuma oxygen kumaudula msanga. Koma oxygen uipeza kuti pa Nyimba usiku? Chomwe ndaphunzira ndekha n'chakuti nyengo yake ikafika, mowa ngakhale kapu imodzi umauitana pasanathe ola. Ndiye ndimasiya mpaka upite, ndipo ndimapempha tchuthi, sindingayendetse matani 30 ndi diso limodzi.

MaiTiko_Navutika
Pepani abambo. Koma inu amuna mukalawa kubereka tsiku limodzi lokha mudzasiya kutchula ululu.

Dalaivala_GreatEast
Amai, sindikukana. Koma inu pamapeto amakupatsani mwana, ine pamapeto ndimangotsala ndi chotupa pamphumi.

Phiri_Lundazi
Nonse simunalawe mwala wa mu impso. Ine unandigwira m'basi pakati pa Lundazi ndi Chipata, bampu iliyonse ndikukuwa ngati mbuzi yomangidwa panjinga. Utatuluka kunali kamwala kochepa kuposa njere ya mapira. Ndinakasunga m'kabotolo, ndimakaonetsa alendo.

MaiTiko_Navutika
Alendo akubwera kudzadya, inu mukuwaonetsa zimenezo? Akazi anu ndi opirira.

Mtsikana_waMwami
Mpikisano wa ululu ine sindilowa nawo, koma ndili ndi sickle cell, matenda a magazi obadwa nawo. Ikandigwira, makamaka mu Juni kukazizira, mafupa a miyendo ndi msana amakhala ngati akuthyoledwa pang'onopang'ono kuchokera m'kati. Chomwe ndamva kwa amai Nabanda ndi chija cha kusakhulupiriridwa. Pachipatala china, sindichitchula, ndinapempha jekeseni yamphamvu chifukwa ndikudziwa yomwe imandithandiza, ndakula nayo. Wina anati "akudziwa dzina la mankhwala uyu, wazolowera." Ndinadikira maola anayi pabenchi. Ukalira akuti ukukokomeza, ukapirira akuti ndiye kuti sizikuwawa.

Nabanda_waKapata
Mwanawe, wandiliza. Mawu ako omalizawo ndi moyo wanga wonse.

MlimiWaThonje_Petauke
Poti a nesi muli pano ndifunseko. Ine mutu umandiwawa ndikapopera thonje basi, ndi nseru, malovu kudzadza m'kamwa. Ndimamwa mkaka pambuyo pake monga amanenera anzathu. Ndi ching'alang'ala chomwechi?

NesiWopuma_Katete
Ayi abambo, imeneyo ndi poizoni akulowa pakhungu ndi m'mphuno. Mkaka suchotsa poizoni. Valani zotchinga pakamwa ndi m'manja, malaya a manja aatali, musapopere moyang'anana ndi mphepo kapena dzuwa lili paliwombo, ndipo mukamaliza sambani ndi sopo musanagwire nsima. Malovu akachuluka, thukuta, maso kuona mwachimbuuzi, thamangani kuchipatala mutanyamula botolo la mankhwalawo.

Zulu_Magazine
Onjezani mbaula a nesi. Chaka chija cha malodi shedingi aakulu, 2024, tinkalowetsa mbaula m'nyumba usiku mu Julayi. Nyumba yonse kudzuka ndi mutu, mpaka mwana wa zaka zinayi kusanza. Tinkati chimfine. Anatiuza aneba kuti utsi wa makala wosaoneka uja umapha anthu ali m'tulo.

Jere_Mchini
Makalawo mtengo wake wokha umawawitsa mutu musanayatse n'komwe. Thumba lafika pa zingati ku Saturday Market?

Admin_Kalongwezi
A Jere, za makala tsegulani nkhani yanu. Pano amai afunsa za mutu ndipo sanayankhidwe mokwanira.

Mlaliki_waMoto
Mlongo Nabanda, ine ndiona zina. Munthu wa pamsika, bizinesi ikuyenda, kenako maso akuona zowala ndipo ndalama sakuziona bwino. Si onse okhala nawo pabenchi amene amakondwa nanu. Izi si za panado. Salani kudya masiku atatu, mubwere tipemphere.

Nabanda_waKapata
Abusa, ine ndine wa Chigwirizano, kupemphera sindisiya. Koma kusala ndinayesa mu 2022. Tsiku lachiwiri ndinagwa m'tchalitchi momwemo ndi mutu woopsa kuposa yonse, anandinyamula panjinga. Ndipo mutuwu unayamba ndili mwana wa sukulu, ndilibe ngakhale benchi. Ankandichitira nsanje ya chiyani, yunifomu?

Mlaliki_waMoto
Kugwa kumeneko kunali kulimbana kwa mizimu, mukanapitiriza.

NesiWopuma_Katete
Abusa, nanenso ndine mkhristu, pempherani nawo ndithu. Koma njala ndi ludzu ndi zina mwa zoputa ching'alang'ala zodziwika kwambiri, musawasalitse kudya amaiwa. Ndipo poti anthu amabwera kwa inu asanafike kwa ife, ndikupempheni chinthu. Pali mitu ina yosafunika kugona nayo kuchipinda chopempherera ngakhale usiku umodzi. Mutu wobwera mwadzidzidzi ngati mphezi, woopsa kuposa wina uliwonse pa moyo wa munthuyo, ukhoza kukhala mtsempha wophulika mu ubongo. Mutu wokhala ndi kutentha thupi ndi khosi louma ukhoza kukhala meninjaitisi. Munthu amene ali ndi HIV, makamaka amene wasiya ma ARV, akamadandaula mutu wokulirakulira kwa masiku, ndaona ambiri akufika mochedwa ndi meninjaitisi ya cryptococcus. Mai woyembekezera wa mutu waukulu, kutupa nkhope ndi manja, kuona mwachimbuuzi, imeneyo ndi BP ya mimba, akhoza kukomoka tsiku lomwelo. Pakamwa kupotoka, dzanja kufooka, mawu kusokonekera, ndi sitiroko. Onsewa muwakweze galimoto, mapemphero muchitire m'njira.

Aphunzitsi_Sinda
Ine chinandithandiza ndi kope la K5. Dokotala wina anandiuza kuti ndizilemba tsiku lililonse lomwe mutu wabwera: ndagona nthawi yanji, ndadya chiyani, ndamwa mapilitsi angati. Poyamba ndinaona ngati homuweki yachabe. Patatha miyezi itatu ndinatsegula kope lija ndipo zinali poyera. Pafupifupi yonse inagwa masiku omwe ndadumpha nsima ya masana chifukwa cha makalasi owonjezera, kapena ndachezera kuchonga mapepala. Nditapitiriza kulemba, Okutobala ndi Novembala masamba odzadza, Meyi pafupifupi mbee. Loweruka ndikagona mpaka 9 hours, nawonso umabwera, tulo tochuluka n'toputanso. Tsopano m'chikwama simusowa botolo la madzi ndi mbatata yophika kapena nshawa. Sunathe ayi, koma kuchoka pa kasanu ndi kamodzi pamwezi kufika pa kawiri, ine ndimati ndi moyo wina.

Ndipo musadzione nokha. Kafukufuku wina wofalitsidwa mu 2015, yemwe anayenda khomo ndi khomo muno mu Zambia, anapeza kuti mwa akuluakulu, oposa mmodzi mwa asanu alionse amadwala ching'alang'ala. Ndiye kuti pa ukwati uja, mwa amai omwe ankatakasa miphika, analipo ena omwe akudziwa bwino lomwe chomwe chinakugonekani. Anangokhala chete poopa apongozi.

Nabanda_waKapata
Aphunzitsi mwandikumbutsa. Tsiku lotsegula belo. Ukadula mawaya aja, fungo la mankhwala a m'zovala likakuwomba kumaso, ine pofika madzulo timizere tayamba. Ndipo tsiku limenelo sindidya, anthu amakhala akulimbirana zoyamba kuyambira 6 hours. Sindinaziphatikizepo.

A nesi, ndiyankha pano pomwe, ndife akuluakulu. Inde ndimamwa achilezi, Microgynon, zaka zitatu tsopano.

NesiWopuma_Katete
N'chomwe ndimaopa. Microgynon ndi mankhwala abwino kwa amai ambiri, koma ali ndi mahomoni awiri, ndipo imodzi mwa iwo, estrogen, siyenera munthu amene ching'alang'ala chake chimayamba ndi zowala m'maso. Ziwirizi zikakumana chiopsezo cha sitiroko chimakwera, kukhala wosuta fodya ndiye kuposa. Simunalakwe, mwina palibe anakufunsani za timizereto ndipo inu simunadziwe kuti n'tofunika kutchula. Mawa lomwe pitani kukiliniki, mukanene mawu awa: "mutu wanga umayamba ndi kuona zowala." Musangoti mutu umandiwawa. Njira zina zilipo zokuyenerani: Microlut, jekeseni, ka pamkono, lupu. Akakuyezeninso BP.

Mukafunsenso za mankhwala oteteza, omwa tsiku lililonse kuti mutu usabwere pafupipafupi. Amitriptyline wa mlingo wochepa usiku, kapena propranolol ngati mulibe asima, ndi otchipa ndipo si achilendo m'zipatala zathu. Sagwira tsiku limodzi, apatseni milungu ingapo. Panado ndi brufen wa tsiku ndi tsiku uja asiyidwe, koma ndikuchenjezeni, masiku oyamba mutu udzakula musanaone kusintha, mwina mpaka milungu iwiri. Mukadutsa pamenepo, lamulo ndi lakuti mankhwala opha ululu asapitirire masiku awiri pamlungu, ndipo muzimwa mutu ukangoyamba, osadikira kusanza, chifukwa ukakhwima m'mimba mumaima ndipo piritsi limangokhala pamenepo.

Jere_Mchini
Amitriptyline si wa anthu odwala maganizo uja? Akawauza apongozi ndiye zithera pomwepo.

Aphunzitsi_Sinda
Ndi yemweyo a Jere, koma pa mutu amapereka kamlingo kakang'ono. Ine ndinamwa chaka chathunthu. Pakamwa pamauma ndipo m'mawa umadzuka wolemera, basi. Apongozi safunika kuwerenga pepala la mankhwala a munthu.

Ambuya_aChadiza
Apongozi amawerenga zonse mwana wanga, ine ndine mmodzi wa iwo.

Mtsikana_waMwami
Ambuya kkkkk. Amai Nabanda mudzatiuze mmene mwayendera.

Nabanda_waKapata
Ndabweranso, patha milungu isanu. Ndinapita kukiliniki ndi mawu aja a nesi ndawalemba padzanja. Sista atamva za zowala anaika cholembera pansi n'kundiyang'ana, tsiku lomwelo anandisinthira ka pamkono. BP inali bwino. Amitriptyline ndinayamba.

Kusiya panado, a nesi munanena koma simunanene zonse. Masiku asanu ndi anayi oyamba ndinkafuna kukutukwanani. Tsiku lachinayi ndinapezeka ndaima pakantemba ndi K2 m'manja, mnyamata watambasula kale dzanja, ndinagula machesi n'kubwerera. Benchi anandigwirira mng'ono wanga mlungu wonse. Tsiku la khumi ndinadzuka, ndikusesa pabwalo, ndinaima ndi tsache m'manja kufunafuna mutu uja pomwe umakhala, palibe. Ndinali nditaiwala kuti m'mawa umatha kukhala wotero.

Waukulu uja wabwera kamodzi, Lachitatu lapitali, timizere ndi kusanza komwe, koma unatha tsiku limodzi. Belo tsopano amatsegula mng'ono wanga ine nditaima patali, ndadya kale. Kope ndagula.

Bambo a kunyumba ndinawapatsa foni awerenge zonsezi. Anawerenga mpaka pa a Dalaivala ndi tayala, anaseka, kenako anakhala chete nthawi yaitali. Sananene kanthu. Koma Lachitatu lija nditagona pasimenti ndinamva akuuza ana chapansipansi kuti atulutse wailesi panja, ndipo iwo omwe anakhoma bulangeti pawindo.

Dalaivala_GreatEast
Auzeni abambowo kuti tayala lija lilipo, akafuna kuliona ndimaima pa Kapata Lachisanu.

MaiTiko_Navutika
Nanga apongozi?

Nabanda_waKapata
Akuti ndanenepa, ndiye kuti sindinkadwala.